Guwa Lomwe Ndinkangokwera ndi Tsache

Ntchito yanga yoyamba ya ubusa ndinaipeza chifukwa anzanga onse anaikana. Titamaliza sukulu ya ubusa, aliyense ankayenera kukatumikira pa mpingo wina chaka chathunthu moyesedwa, kenako ndiye adzozedwe. Anzanga aamuna anathamangira mipingo ya m'mbali mwa msewu wa tala, komwe kuli magetsi ndi maminibasi. Panatsala kampingo kena ka kufupi ndi Usisya, kofika pa boti. Mmodzi anati ali ndi matenda othamanga magazi, wina anati akazi ake ndi oyembekezera, winanso anati ayambe wapemphera kaye. Ndikukhulupirira kuti mpaka lero akupempherabe.

Akuluakulu a ku ofesi ya mpingo anandiitana n'kundifunsa mafunso awiri: ngati ndimaopa madzi, ndiponso ngati ndimamva Chitonga. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, koma ndinakulira kufupi ndi Mpamba chifukwa bambo anga ankacheka mitengo ya labala pa esiteti. Chitonga ndinachitola pamsika ndi kusukulu. Kumva ndinkamva ndithu, koma poyankhula ndinkatsimphina. Iwo anati zimenezo n'zokwanira.

Anandifotokozeranso lamulo, ndipo ndikufuna mulimvetse chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kuti woyesedwa adzozedwe, pamafunika mavomerezo awiri. Loyamba ndi la m'busa womuyang'anira, amene amabwera kumapeto kwa chaka kudzamuonerera akutsogolera mapemphero onse ndi kulalikira pa guwa. Lachiwiri ndi la seshoni, lomwe ndi bwalo la akulu ampingo a pamalopo. Limodzi likasowa, kolala ya ubusa sumaiona. Bambo anga, omwe nthawiyo anali atapuma ntchito ndipo chifuwa chinkawavuta, atamva anangoti, "Pita mwana wanga. Ndikufuna ndidzaione kolalayo ndi maso angawa."

Ndinakwera boti pa Nkhata Bay m'mawa, pakati pa matumba a shuga, malata ndi makireti a zakumwa. Mphepo ya mwera inali itadzuka, moti madzi omwe ndinati sindiwaopawo anandiphunzitsa ulemu. Ndinafika nditasanza zonse zomwe ndinadya ndi zomwe ndinkaganiza kudzadya. Kumeneko kulibe doko. Boti limaima pataliko, anthu n'kumatsikira m'madzi ofika m'chiuno. Ndikudabwa kuti nditani ndi chikwama changa, ndinaona bambo wina wamtali, waimvi, atavala jekete ndi tayi, thalauza atapinda mpaka m'ntchafu, akubwera m'madzimo. Anandilandira chikwamacho n'kuchisenza pamutu.

Amenewo anali Ada Mhone (Ada ndi bambo m'Chitonga), mkulu wampingo wamkulu pa onse. Anagwirapo ntchito ku Joni zaka zambiri, atabwerera n'kukhala msodzi, ndipo panthawiyo anali atasiyira ana awo bwato. Munthu waukhondo ngati ameneyo sindinamuonenso. Ndinene poyambirira pomwe kuti pa mudzi wonse palibe anandisamala kuposa iwo. Denga la nyumba ya abusa litayamba kudontha, anakwera okha kukakhoma. Sabata siinkatha osanditumizira usipa kapena nsomba ya batala. Nditadwala malungo, ndi iwo anapeza boti londitengera kuchipatala. Koma sanandiitanepo kuti Aliska, monga momwe Atonga amaitanira abusa. Kwa iwo ndinali Asambizi, kutanthauza aphunzitsi.

Amene amaganiza kuti m'busa amagwira ntchito Lamulungu lokha akayese kumeneko. Kalasi ya ofuna ubatizo ndinkaphunzitsa ndine. Odwala ndinkawayendera m'mapiri, kudutsa m'minda ya chinangwa, nsapato zili m'manja. Lachinayi ndinkakhala ndi amayi, ndipo maliro akagwa ndinkagona komweko. Foni inkagwira pamwala umodzi wokha pamwamba pa mudzi, moti kuti ndilankhule ndi Abusa Kamanga, omwe ankandiyang'anira ali ku mpingo waukulu, ndinkayenera kukwera phiri. Ulaliki ndinkaulemba m'Chichewa, kenako Ama NyaLongwe, mtsogoleri wa gulu la amayi, ankandithandiza kuutembenuzira m'Chitonga, akuseka katchulidwe kanga mpaka misozi. Zonsezi palibe anandiletsa. Vuto linali pa chinthu chimodzi chokha.

Mpingo wathu uli ndi mwambo wake Lamulungu. Belu likalira, lomwe kumeneko linali limu ya tayala la lole yopachika pamtengo wa mango, akulu ampingo ndi mlaliki amakumana m'kachipinda ka kumbuyo komwe timati vesitili. Amagawana ntchito: wina zolengeza, wina pemphero, wina kuyang'anira chopereka. Akapemphera, amalowa pamzere mpingo utaimirira. Patsogolo pamakhala mkulu wampingo wonyamula Buku lalikulu la Mawu a Mulungu. Iye amakwera nalo pa guwa, kulitsegula, kutsika, ndipo mlaliki amakwera kukaima pomwe Bukulo laikidwa. Mapemphero akatha, wonyamula uja amakalitenga n'kutsogoleranso mzere potuluka. Ntchito yonyamula Buku inali ya Ada Mhone, ndipo bambo awo ndi amene ankaigwira iwo asanaiyambe.

Lamulungu langa loyamba ndinayenda pambuyo pawo. Titafika kutsogolo, sanakhotere ku masitepe a guwa. Anapita pa tebulo la m'munsi, lomwe timaikapo mbale za chopereka, n'kuika Buku pamenepo. Analitsegula mwaulemu, anawerama pang'ono, n'kukakhala pamalo pawo. Ine ndinaganiza kuti mwina guwa ladyedwa ndi chiswe, choncho ndinalalikira ndili pa tebulopo.

Titaweruka ndinawafunsa. Anandiyang'ana mwachifundo ngati mwana wofunsa chinthu chodziwikiratu. "Awa, Asambizi, guwa lili bwinobwino," anatero, kukana m'Chitonga. "Koma pamwamba paja m'pa amuna. Inu muziima apa, tikumvani bwino lomwe."

Kuti guwa linalidi bwinobwino ndinadzionera ndekha Loweruka lotsatira. Loweruka lililonse amayi ndi amene amasesa tchalitchi, ndipo ine ndinkapita kukawathandiza. M'denga munali mileme yosawerengeka, ndipo zitosi zake zinkagwera kwambiri pa guwa. Ama NyaLongwe anandipatsa tsache ndi kansalu konyowa n'kundiloza pamwamba. "Kwerani ndinu, mwana wangu, maondo anga atha." Ndinakwera. Ndinasesa zitosi, ndinapukuta thabwa loikapo Buku, ndinakutumula nsalu yake yofiira. Ndili pamenepo ndinaona mabenchi onse mpaka kukhomo, ndipo pawindo la m'mbali ndinkaona mtengo wa mango uja ndi belu lake. Ndinatsika ndi zinyalala m'manja, mtima ukuwawa. Ndi tsache ndinali woyenera kukwera, koma ndi Buku ayi.

Ndinawauza Ama NyaLongwe zomwe zinali mumtima mwanga, ndikuyembekeza kuti mayi mnzanga andimvetsa. Anangogwedeza mapewa. "Pansi kaya pamwamba, Mawu ndi omwewo," anatero. "Ife takalamba tikusesa pamenepo, sitinafe." Anandikhumudwitsa kuposa Ada Mhone.

Nkhaniyi ndinaitengera ku seshoni. Akulu ampingo onse anali amuna. Anandimvetsera mwaulemu, ena akugwedeza mitu, kenako anati aikambirana. Mwezi wotsatira nditakumbutsa, anati wina wofunika palibe. Mwezi winawo kunagwa maliro. Kenako inafika nyengo ya usipa, amuna onse ali kunyanja. Ndinaphunzira kuti mawu oti "tikambirana" ndi njira yaulemu yokwirira nkhani.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri chinachitika pakati pa chaka. Pasukulu ya pulayimale panabwera mphunzitsi watsopano, mnyamata wa mpingo wathu, ndipo akulu anamupempha kuti adzalalikire. Iye anali asanalalikirepo chibadwire. Anabwera kwanga kudzapempha thandizo, ine n'kukhala naye masana onse, kumusankhira ndime, kumugawira mitu, ngakhale kumulembera mawu omalizira. Lamulungu Ada Mhone anakwera nalo Buku pa guwa. Ndinakhala pabenchi n'kumamvera ulaliki wanga womwe ukutsika kuchokera pamwamba m'mawu a mwamuna, anthu akuvomereza kuti ameni. Potuluka mkulu wina anandiuza kuti ndiphunzireko kwa mnyamatayo.

Tsiku lomwelo ndinakwera phiri kukaimbira Abusa Kamanga. Ndinalankhula mpaka mayunitsi anatsala pang'ono kutha. Yankho lawo linali lalifupi. "Pirirani, mayi. Anthu a kunyanja safuna kuthamangitsidwa. Akakuzolowerani asintha okha." Ndinawafunsa ngati iwo anayamba adikirapo kuti anthu awazolowere asanakwere pa guwa. Anati foni ikudukaduka.

Ndinaona kuti bola ndikalankhule ndi mwini wake. Ndinawapeza Ada Mhone pakhonde pawo akusoka ukonde wa ana awo. Anandiyalira mpando, anatumiza tiyi, ndipo tinakambirana ngati anthu akuluakulu. Ndinawakumbutsa kuti mpingo wathu unavomereza kale kuti amayi azidzozedwa, ndipo si iwo kapena ine amene tinapanga lamulolo. Iwo anati lamulo linapangidwa kutauni, koma manja onyamula Buku ndi awo. Anati malemba omwe anawerenga kuyambira ali mnyamata salola mkazi kukhala pamwamba pa mwamuna pophunzitsa.

"Nanga kalasi ya ubatizo ndimaphunzitsa ija, mulibe amuna?" ndinafunsa.

"Muja mumakhala pansi nonse."

Ndinawauza kuti m'malemba omwewo, oyamba kutumidwa kukanena kuti Ambuye auka anali amayi. Anaima kaye kusoka, akuganiza, kenako anamwetulira.

"Zoona, Asambizi. Koma ananena ataima pansi."

Ndinaseka ngakhale sindinkafuna, ndipo kusekako kunandikwiyitsa kwambiri. Kenako anaika ukonde pambali n'kulankhula motsitsa mawu. Anati iwo sadana nane, amandiona ngati mwana wawo. Koma tsiku lina Chiuta adzawafunsa komwe ankaika Buku lake, ndipo sangayankhe kuti anatsatira za kutauni. Ndinaona kuti sakunama. Munthu wouma mtima ukhoza kulimbana naye, koma munthu woopa Mulungu amene akukulakwira ndi mtima woyera, umamuyamba pati? Ndinabwerera kunyumba nditanyamula nsomba zomwe anandipatsa.

Chaka chinapita chonchi mpaka inafika sabata yondiyesa. Abusa Kamanga anabwera pa boti Loweruka masana. Titadya, ndinawauza mosabisa kuti chaka chonse sindinakwerepo pa guwa, kupatula posesa. Anadabwa ngati akumva koyamba.

"Koma mawa muyenera kukwera," anatero. "Lamulo likuti ndikuonereni muli pa guwa. Mukalalikira pansi, ine ndikanena chiyani ku ofesi?"

"Ndiye auzeni Ada Mhone akaike Buku pamwamba."

"Ayi, zimenezo ndi za seshoni ya kuno. Ine ndine mlendo."

Pamenepo ndinazindikira kuti ndapanikizika. Ndikaima pa tebulo, ndaphonya chivomerezo cha Abusa Kamanga. Ndikakwera, ndaphonya cha seshoni. Amuna awiri, onse aulemu, onse ondifunira zabwino, aliyense atagwira chitseko chake, ndipo palibe ankafuna kulankhula ndi mnzake.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza chifukwa anthu anamva kuti kwabwera abusa aakulu. Ena anachokera m'midzi ya kutali pa mabwato. Anyamata anali atatchaja batire pa sola n'kulumikiza sipika, imodzi mkati, ina pawindo. M'vesitili, titagawana ntchito, ndinayesa komaliza. Ndinafunsa pamaso pa onse kuti lero Buku liikidwa pati. Akulu anayang'ana pansi. Abusa Kamanga anayang'ana wotchi yawo n'kunena kuti nthawi yatha, tipemphere.

Tinalowa mpingo ukuimba. Ndinkayang'ana msana wa jekete la Ada Mhone, ndikupemphera kuti akhotere kumanzere, komwe kunali masitepe. Anapita molunjika pa tebulo. Anaika Buku, analitsegula, anawerama, n'kukakhala.

Nyimbo, pemphero, zolengeza ndi chopereka ndinatsogolera ndili m'munsi, pakuti zimenezo zimachitikira pamenepo kale. Kenako kwaya inamaliza nyimbo yake, ndipo inakwana nthawi ya ulaliki. Ndinayang'ana Abusa Kamanga, iwo akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga mileme. Ndinaganiza za bambo anga ndi chifuwa chawo. Ndinaganizanso za Loweruka lililonse lomwe ndinapukuta thabwa lija kuti aikepo Buku anthu ena. Ndinatseka Bukulo, ndinalinyamula ndi manja awiri, n'kuyamba kukwera. Linali lolemera kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo masitepe ankalira pa phazi lililonse.

Nditaliika pathabwa n'kutukula maso, Ada Mhone anali ataimirira. Sanakalipe, sanaloze chala. Anamanga batani la jekete lawo, anawerama moyang'ana kutsogolo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kutuluka. Akulu ampingo anawatsatira. Kenako mabenchi a mbali ya amuna anayamba kukhulukuta, mmodzimmodzi akunyamuka. Kunatsala anyamata a sipika, mphunzitsi uja, ndi agogo ena ogontha omwe ankangoyang'ana uku ndi uku kudabwa kuti mapemphero atha msanga bwanji. Amayi sanasunthe, koma ambiri anaweramitsa mitu.

Chitonga chonse chomwe tinakonza ndi Ama NyaLongwe chinandithawa. Pepala linali m'manja koma zilembo zinkavina. Ndinayamba m'Chichewa, mawu akunjenjemera, ndipo sipika inkakuza kunjenjemerako. Ndinkalalikira za kusataya mtima pochita zabwino, mutu womwe ndinausankha kale osadziwa kuti wofunika kuumva ndine. Nditafika pakati mawu anayamba kukhazikika, ndipo m'pamene ndinaponya maso pawindo la m'mbali lija.

Amuna aja sanapite kwawo. Onse anali pansi pa mtengo wa mango, atakhala pamchenga, zipewa zili m'manja. Sipika ya pawindo inkawafikira bwinobwino. Ada Mhone anali kutsogolo kwawo, atatchera khutu monga ankachitira Lamulungu lililonse. Nditanena mfundo ina, ndinaona akugwedeza mutu kuvomereza. Nditatseka ndi pemphero, ameni wa kunja anamveka mokweza kuposa wa mkati. Sindikudziwa ngati mungamvetse momwe zinandipwetekera. Mawu anga anawalandira onse, osatayapo ndi limodzi lomwe. Chomwe sakanatha kupirira chinali kundiona pomwe ndinaima.

Nyimbo yomaliza ili mkati, Ada Mhone anabwera n'kuima pakhomo. Ndinadziwa chomwe akudikira. Sakanakwera kukatenga Buku pomwe sanaliike. Ndinatsika nalo, ndinaliika pa tebulo, ndipo iwo anabwera, analinyamula, n'kutsogolera mzere potuluka ngati palibe chachitika.

Seshoni inakumana masana omwewo m'vesitili. Ine anandiuza kuti ndidikire panja, popeza nkhani inali yanga. Ndinakakhala kuseri kwa tchalitchi komwe amayi ankaphikira alendo kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba. Palibe ananditonza, palibenso anandiyamikira. Ama NyaLongwe anangondisunthira mpasa n'kupitiriza kutsuka mbale. Patapita nthawi yaitali Abusa Kamanga anatuluka n'kundiitanira pambali.

"Ulaliki unali wabwino kwambiri, ine ndakuvomerezani," anatero. "Koma seshoni yakana. Akuti ndinu wolimbikira ntchito, wokonda odwala, wamakhalidwe abwino, koma simumvera akulu."

"Munandiuza kuti ndikwere ndinu, Abusa."

"Ndinati lamulo likutero. Kakweredwe kake mukanakonza mwanzeru."

Ndinawafunsa kuti nzeru yake inali iti, popeza masitepe ndi amodzi. Anati ndisadandaule, akandipezera mpingo wina wosavuta kuti ndikabwereze chaka. Kenako anapita kukasamba m'manja, chakudya chinali chitapsa. Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindinamepo kuti mkwiyowo unatheratu. Chaka chonse cha mapiri, malungo ndi maliro chinathera pa funso loti buku likhale pa thabwa liti.

Chovuta kwambiri chinali kukwera phiri kukawauza bambo anga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akutsokomola. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Koma unakwera?" Nditavomera, anati, "Basi, chaka chamawa si kutali."

Loweruka lomaliza ndisananyamuke ndinapita kukasesa monga mwa masiku onse. Nditatenga tsache kuti ndikwere pa guwa, Ama NyaLongwe anandilanda. Analitenga, anayenda nalo mpaka kwa Ada Mhone, n'kuliimika pakhomo pawo. Anawauza kuti ngati mapazi a mkazi amadetsa pamwamba paja, ndiye kuyambira lero azisesapo ndi amuna. Ndinkafuna kuwakumbatira, komanso ndinkafuna kuwafunsa komwe anali chaka chonse. Ndinadzamva pambuyo pake kuti sizinakhalitse. Amuna sanasese, zitosi zinaunjikana, ndipo kutamveka kuti kukubwera abusa achilendo, amayi anachita manyazi n'kukweranso ndi matsache awo.

Tsiku lonyamuka boti linafika m'mawa, dzuwa litakwera kale. Amayi anandiperekeza kugombe ndi nyimbo, ena akulira. Ndikupinda chitenje kuti ndilowe m'madzi, ndinamva wina akundilanda chikwama. Anali Ada Mhone, atavala jekete ndi tayi, thalauza atapinda mpaka m'ntchafu. Anasenza chikwamacho pamutu, m'dzanja lina atanyamula phukusi la nsomba zowamba, n'kulowa m'madzi patsogolo panga. Ndinayenda pambuyo pawo ndikuyang'ana msana wa jekete lomwe lija.

Titafika pa boti, anakana kupereka chikwamacho kwa anyamata apaboti, omwe ankaponya katundu pansi pomwe panali madzi. Anadzikweza okha, nkhalamba yonse ija, n'kuchiika pamwamba penipeni pa matumba a usipa. M'chikwamamo munali zovala zanga, mapepala a maulaliki a chaka chonse, ndi buku langa laling'ono la Mawu a Mulungu.

"Apa sichinyowa, Asambizi," anatero. "Muyende umampha," kutanthauza muyende bwino.

"Yewu, Ada," ndinayankha. Injini italira ndinalira nanenso, ndipo mayi wina woyandikana nane anandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira chifukwa chosiyana ndi abale. Mwina sanalakwitse kwenikweni.

Ndinabwereza chaka pa mpingo wina kufupi ndi Chintheche, komwe kunali kale amayi awiri m'seshoni, ndipo ndinadzozedwa. Bambo anga anamwalira chaka chobwerezacho chili pakati. Kolala sanaione.

Atsikana omwe akulowa ubusa masiku ano amandifunsa kuti angatani kuti mpingo uwakonde. Ndimawauza kuti kukondedwa si kovuta. Yenderani odwala, gonani pamaliro, nsomba azikupatsani mpaka kutopa nazo. Ine ndinakondedwa kwambiri ku Usisya, ndipo anthu ondikondawo ndi omwe anandikana. Ndiye lero ndikatumizidwa pa mpingo watsopano, sindidikira kuti andizolowere, ndiponso sindilola kuti nkhaniyi idikire tsiku lobwera alendo. Ndisanamasule ngakhale chikwama, ndimaitana akulu onse m'vesitili n'kuwafunsa kuti Buku amanyamula ndani, ndipo Lamulungu likubwerali akaliika pati.